Kalata Yopita ku Chifunda: Mwana Wapita ku Usilikali, Musadikire Awiriwiri

Leicester, England

Alongo anga, ndi inu alamu,

Kuno tili bwino, kungoti kuzizira kwayamba ndipo dzuwa likulowa msanga. Uthenga wanu ndaumva, wakuti dzina la mnyamata wathu latuluka ndipo akupita kukaphunzira usilikali. Ndathokoza Mulungu, ine zakhali wake. Koma mawu amene munamalizira, alamu, ndi amene andikhazika pansi kuti ndilembe. Munati ndisauze munthu, ngakhale a kumpingo, mpaka mwanayo atamaliza. Ndikudziwa chimene mukuopa. Ndinabadwira komweko, ndikudziwa mmene timabisira mimba, ulendo ndi ntchito poopa nsanje. Maina sinditchula, koma ndalola kuti kalatayi iwerengedwe ndi enanso, chifukwa mabanja amene akubisa ngati inu ndi ambiri, ndipo ndikuona kuti kubisako kumapweteka makolo eni ake.

Mwana wanga, muphwa wanu, atalowa m'gulu la asilikali a pamadzi a dziko lino, la Royal Navy, ndinakuuzani mwachidule pafoni. Zimene ndinadutsamo ine sindinakufotokozereni. Ana ongoyamba kumene amapita ku HMS Raleigh, kampu ya pamtunda imene inatsegulidwa mu 1940 ku Torpoint, m'chigawo cha Cornwall, tsidya lina la mtsinje wa Tamar ukachokera mumzinda wa Plymouth. Maphunziro oyamba ndi a masabata 10. Ndinamuperekeza pa sitima mpaka ku Plymouth. Pa siteshoni panali asilikali odzawatenga. Anawerenga maina, ana anakwera galimoto ndi zikwama zawo, ndipo ife makolo tinatsala titangoima, aliyense maso pafoni yake kuti asaoneke kuti akulira. Mayi wina wachizungu wa ku Sunderland, kumpoto kwenikweni kwa England, anandiyandikira n'kufunsa kuti wanga ndi uti. Tinapatsana manambala. Pomwepo panabweranso bambo wina wa ku Ghana woyendetsa mabasi ku London, ndi agogo ena aakazi amene analera okha mdzukulu wawo. Palibe amene ankadziwa mnzake, ndipo tikanakumana pamsika sitikanapatsana ngakhale moni.

Mayi wa ku Sunderland uja mwana wake woyamba anali atadutsa kale pa kampu yomweyo, choncho ankadziwa njira. Anandichenjeza kuti sabata yachiwiri kapena yachitatu mwana adzaimba akulira. Anati ndisadzamuuze kuti abwerere, ndisadzamukalipirenso kuti alimbe mtima ngati munthu wamkulu. Ndidzangomufunsa zimene wadya, ndiponso dzina la mnzake wogona naye moyandikana. Zinachitikadi. Madzulo ena foni inalira, mwana mawu akunjenjemera. Mapazi anali atatuluka matuza chifukwa cha majombo atsopano. Amadzuka kusanache, tsiku lonse ali chiimire kapena chithamangire, ndiye usiku n'kuyamba kusita. Malaya aliwonse amafunika kupindidwa mpaka afanane ndi kukula kwa pepala la A4, m'mbali mwake muli gwa, ndipo oyang'anira akapeza kamodzi kopotoka umayambiranso. Iye anali atabwereza mpaka manja kutopa. Anati amama, ine ndikubwera. Mtima wanga unkati bwera mwanawe, pakhomo pano palibe wakuthamangitsa. Pakamwa panatuluka funso la chakudya lija. Anayankha, kenaka anayamba kufotokoza za mtsikana wa pabedi loyandikana amene amamuthandiza kupukuta nsapato, ndipo pomaliza kulankhula mawu ake anali atakhazikika.

Nditangodula foniyo ndinaimbira mayi uja, ndipo kulira konse kumene ndinakumeza ndinakulirira m'khutu mwake. Alamu, apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Kholo liyenera kukhala ndi kumene lingakatule misozi yake, kuti isakagwere pa mwana amene ali kale ndi katundu wake. Mukakhala awiriwiri m'nyumba ndi chinsinsi chanu, mudzatulirana nokhanokha mpaka kuyambana, kapena mudzatulira mnyamatayo pa mphindi zochepa zimene wapatsidwa kuti aimbe.

Chimene chinkandisowetsa tulo kwambiri chinali madzi. Inu alongo mukukumbuka mmene amayi ankatikwapulira akatipeza m'mphepete mwa Luangwa, chifukwa cha ng'ona ndi mvuu. Ine ndakula osadziwa kusambira, ndipo mpaka lero madzi akafika m'mawondo ndimabwerera. Tsono ndimve kuti mwana wanga akamuyesa kusambira mamita 50 atavala ovolosi, n'kuyandamanso mphindi ziwiri mapazi osagunda pansi! Kulinso chipinda china chotchedwa Havoc, chomangidwa ngati m'kati mwa sitima ya pamadzi. Chimapendekeka uku ndi uku, madzi ozizira akulowa m'mabowo, ndipo ana amakhomerera timitengo tosema m'mabowomo kuti aphunzire kupulumutsa sitima yobooka. Usiku woti mawa lake mwana alowa m'chipindacho ndinaimbira bambo wa ku Ghana uja ali pa nthawi yopuma kuntchito. Anandifotokozera modekha kuti alangizi amakhala pomwepo akuyang'ana mwana aliyense, ndipo anandisunga pafoni mpaka nthawi yake yobwerera m'basi itakwana. Sabata ina ana atakagona panja kumapiri ozizira a Dartmoor, anali iyeyo amene anada nkhawa chifukwa mwana wake sachedwa kudwala chifuwa, ndipo inali nthawi yanga yomulimbikitsa. Mantha athu sanali ofanana, n'chifukwa chake tinkatha kunyamulana.

M'gulu la ana athu munali mnyamata wa ku St Vincent, chilumba cha ku Caribbean. Kuyambira mu November 2018 boma la kuno linalola kuti achinyamata a maiko a Commonwealth, okwana mpaka 1,350 pachaka, azitha kulowa usilikali ngakhale asanakhale m'dziko lino zaka zisanu, choncho m'makampu mumapezeka ana a ku Fiji, ku Caribbean ndi ku Africa amene makolo awo ali kutsidya kwa nyanja. Agogo aja atamva kwa mdzukulu wawo kuti mnyamatayo salandira kanthu pa positi, anayamba kuika ziwiriziwiri m'phukusi lililonse: mapulasitala a matuza, polishi, masokosi, maswiti. Sanaitanitse msonkhano, anangoyamba, ife n'kutsatira. Kwathu timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma ine ndinaziona zikuchitidwa ndi mayi wokalamba amene sanamvepo mwambiwo.

Si onse anamaliza. Mwana wa mayi wina amene tinkaimbirana naye anaona kuti ntchitoyi si yake, ndipo anatuluka mwa lamulo, pakuti kuno wophunzira amaloledwa kupempha kuchoka m'miyezi yoyambirira. Mayi ake anasiya kuyankha mafoni chifukwa cha manyazi. Sitinamusiye. Tinapitiriza kumuimbira mpaka anayankha, ndipo palibe amene anatchula mawu oti kulephera. Ndikulemba izi chifukwa ndikuganiza kuti pansi pa mantha anu a nsanje pali mantha ena amene simunawatchule: bwanji mnyamatayo akabwezedwa, kaya wavulala, kaya wadwala, anthu adzati chiyani? Ndikudziwa mmene timasekera kwathu. Timati anathawa, timati anakanika, ndipo dzina limamatirira munthu mpaka kukalamba. Koma taganizani. Mukabisa ndiye n'kubwerera, adzafikira m'bodza limene munauza anthu lakuti ali kwa achibale ku Lusaka, ndipo adzalisenza yekha. Akadziwa makolo ena amene ana awo ali pa chiyeso chomwecho, iwowo sangamuseke, chifukwa akudziwa kuti mawa akhoza kukhala wawo.

Kudikira mwana wa ku usilikali si kwachilendo m'dera lathu. Pa nkhondo yaikulu ya 1939 mpaka 1945, anyamata a m'dziko lathu analembedwa mu Northern Rhodesia Regiment ndipo ena anafika mpaka ku Burma. Amayi awo ambiri sankadziwa kuwerenga, choncho kalata ikafika inkapita kwa aphunzitsi kapena kwa mlaliki, n'kuwerengedwa anthu akumva. Nkhani ya mwana mmodzi inkakhala ya mudzi wonse, ndipo amene sanalandire kalata ankapeza mpumulo pomva kuti mnzake wa mwana wawo ali moyo. Ngakhale mganda umene timavina, ndi mizere yake ndi malipenga ake, unachokera ku perete wa asilikali. M'zaka za m'ma 1970, nthawi ya a Kaunda, omaliza Fomu 5 ankapita ku Zambia National Service (ZNS) mokakamizidwa, ndipo panalibe chobisa chifukwa aliyense ankadziwa kuti mwana wa uje wapita. Kubisa kwakula tsopano pamene ntchito zasowa, malo amodzi akulimbiranidwa ndi anthu ochuluka, ndipo wopeza mwayi amaopa maso a amene sanaupeze. Ndikumvetsa, koma mtengo wake ndi wakuti makolo atsala okha.

Sindikunena kuti mukalengeze kwa amfumu kapena pa msonkhano wa sukulu. Ndikunena mabanja atatu kapena anayi. M'midzi yathu muli makolo amene ana awo ali ku Zambia Army, ku ZNS, kupolisi, ndi ena amene ana awo anakaphunzira ntchito yolondera nyama ndipo lero amayenda ndi mfuti m'tchire la Musalangu ndi tsidya ku North Luangwa. Amenewo akudziwa mmene mimba imaotchera foni ikakhala chete mwezi wathunthu. Pitani kwa amene ali patsogolo panu, akuuzeni zimene zikubwera, ndipo chaka chamawa inu mudzauze ena. Mpunga ndi chimanga zikamacha, njovu zikayamba kulowa m'minda, palibe amene amalonda yekha: wina akamenya chitini pa nsanja yake, wa munda woyandikana amayankha, ndipo usiku umafupika. Kudikira mwana n'chimodzimodzi.

Palinso zifukwa zooneka ndi maso. Mvula ikayamba msewu wopita ku Chama Boma ndi ku Lundazi umavuta, mitsinje imadzaza, ndipo netiweki kwathu ndi ya mwayi. Mwana amapatsidwa foni kanthawi kochepa, ndipo akhoza kuimba nthawi imene yanu yazima kapena muli kumunda. Akadziwa nambala ya kholo lina, uthenga udzafika. Kholo limene mwana wake waimba lizifunsa za ana a anzake. Amene ali ndi sola azitchajira anzake. Ndiponso pali akuba a pafoni amene amaimbira makolo n'kunena kuti mwana wanu wadwala, kapena kuti pakufunika ndalama kuti dzina lake lisachotsedwe, tumizani msanga. Kulembedwa usilikali sikugulidwa, ndipo akuluakulu a asilikali amachenjeza zimenezi kawirikawiri. Koma kholo limene likusunga chinsinsi lilibe womufunsa, limangogulitsa thumba la mpunga n'kutumiza. Makolo anayi akakhala pamodzi, wakuba wotere amagwidwa bodza asanamalize kulankhula.

Alongo, tsopano ndilankhule ndi inu. Ndikukudziwani, simulankhula zakukhosi, ndipo mudzati izi n'za azimayi a Umanyano. Bambo wa ku Ghana uja poyamba ankangofunsa za mayeso ndi masiku, ngati kuti mtima alibe. Patapita nthawi anandiuza kuti amaimika basi pamapeto pa ulendo n'kukhala kaye chete, akuganiza ngati anachita bwino kulola mwana. Inunso mudzakhala ndi maganizo amenewo, makamaka podziwa kuti maphunziro akatha mwana amatumizidwa kumene boma lafuna. Pezani bambo mnzanu mmodzi amene mwana wake anavala kale yunifolomu, muzikhala naye madzulo. Ndipo mnyamatayo akaimba musangopereka foni kwa amake. Mumuuze ndi pakamwa panu kuti mwakondwera naye. Ngati angadzamutumize ku gulu la asilikali a pamadzi limene Zambia Army ili nalo ku Luapula, kufupi ndi nyanja ya Mweru, mudzandiimbire, mantha a madziwo ndikuwadziwa bwino.

Tsiku lomaliza maphunziro limakhala Lachisanu. Tinaoloka Tamar pa chombo choyenda pa unyolo chimene chimanyamula magalimoto kupita ku Torpoint, ndipo tinakhala pamodzi pa bwalo la perete, bandi ikuimba, ana akuguba atavala zipewa zoyera. Dzina la mnyamata wa ku St Vincent linali pamilomo yathu ngati la mwana wathu, ndipo perete atatha anajambulitsa ndi agogo aja kuti atumizire amake. Muphwa wanu tsopano ali pantchito, nthawi zina amakhala panyanja miyezi osamveka, ndipo amene ndimawaimbira ndi anthu omwe aja.

Ndatumiza kandalama kudzera kwa mwana wa alamu amene ali ku Chipata. Mugulire mnyamatayo masokosi okhuthala, mapulasitala ndi polishi wakuda, yotsalayo ikhale ya mayunitsi. Mumulembere manambala anu ndi a makolo enawo papepala, chifukwa foni akhoza kuisungitsa. Alamu, Lamlungu likubwerali mukatuluka m'tchalitchi mudutse kwa amayi aja a kumunsi amene mwana wawo ali ku ZNS, mukayambe ndi iwowo. Ine ndidzaimba madzulo ake, mudzakhale pamalo pamene netiweki imagwira, mudzandiuze mmene mwayendera. Mundiperekere moni kwa atate aang'ono ndi ana onse.

Ndine mlongo wanu.