Mtengo suleka kuyenda

Ena mwakhala mukundifunsa za phokoso lija kuseri kwa nyumba yanga kuno ku Kabanana, mpaka ena mwati ndatsegula chigayo. Iyayi, ndi lathe ya mitengo. Ndinaigula yogwirapo kale nchito nditapuma, ndi kandalama ka ku NAPSA. Ndimapangirapo mbale, miyendo ya matebulo, timitondo totibulira adyo ndi zoikapo makandulo.

Zaka zanga zonse za nchito ndinali munthu wa zitsulo, micrometer m'thumba tsiku lililonse. Ukatembenuza shaft kufika pa mamilimita 40, mawa udzaipeza pa 40, chaka chamawa pa 40. Chimene drawing yanena, chitsulo chimvera. Manje mtengo uli ndi mutu wake. Ukadulidwa umakhala wodzala madzi, ndipo pouma umafota. Sufotanso mofanana: m'litali mwake pafupifupi susintha, koma m'mimba umachepa, mbali ina kuposa inzake. Ndiye mbale imene wachotsa pa lathe lero ili yozungulira bwinobwino, pakapita milungu uipeza yakhala ngati dzira. Ikauma mothamanga, makamaka ndi dzuwa la Okutobala, imang'aluka.

Njira yake ndi kuitembenuza kawiri. Koyamba ndimaisiya yokhuthala: mbale ya masentimita 30 kukamwa, khoma lake likhale masentimita 3. Ndimaikwirira mu utuchi wake womwe, pamthunzi. Mwezi uliwonse ndimaiika pa sikelo ya amai a kunyumba, ija ankapimira kapenta, ndi kulemba kulemera kwake pansi pake ndi pensulo. Nambala ikaleka kutsika ndiye kuti yauma, ndimaibweza pa lathe ndi kuimaliza. Miyezi imapita ndithu. Anzathu osema ku Kabwata Cultural Village safuna sikelo, amangonyamula chipika ndi kugogoda, adziwa kale. Ine wa mapepala ndikali kudalira manambala.

Tsopano inu a malonda, nkhani ili apa. Mwezi watha kunabwera amai ena ofuna mbale 20 pa sabata imodzi, ndalama ili m'manja. Zouma ndinali nazo zisanu ndi imodzi chabe. Zaziwisi zinalipo maningi, ndipo ukazipukuta ndi sandpaper n'kuzipaka mafuta palibe angadziwe. Penshoni mukuidziwa mmene imathera mwezi usanafike pakati, ndipo malaiti a lathe sali aulele. Ndinawapatsa zisanu ndi imodzi zija, zotsalazo anakafuna kwina. Sindiwadzudzula ayi, wa malonda kapito yake siyenera kugona. Koma mbale yaiwisi imakang'alukira m'nyumba ya kasitomala, ndipo kasitomala sadziwa kwanga. Amabwerera pa stand yanu, n'kukuwa pamaso pa anthu onse.

Chimodzimodzi ndi mapulanga a ku Buseko. Ponyamula, yerekezani awiri ofanana kukula: lolemera kwambiri, lozizira ukalikhudza, nthawi zambiri likali ndi madzi. Yang'ananinso kumapeto ngati layamba kung'aluka. Mukwa, umene ena amati mlombwa, ndimaukonda chifukwa sufota kwambiri, koma wadula. Mukula sindiugwira. Unalowa pa ndandanda wa CITES mu 2019 chifukwa cha mmene unathera m'nkhalango, ndipo munthu akakubweretsera usiku popanda mapepala, bwino umupatse madzi akumwa apitirire.

Chinanso, fumbi la mitengo yolimba silabwino pachifuwa. Anyamata amene mumapala mipando ku Kalingalinga, valani mask, ngakhale anzanu akuseke.

Masiku ano ndimadalira mitengo imene anthu akudula pa maploti pofuna kumanga: mango, jacaranda, kotapela. Mukadula wanu, musathamangire kuuwaza nkhuni. Pakani penti yakale kumapeto konse kuwiri kwa chipika tsiku lomwelo, muchiike pamthunzi, mundiuze Lamulungu tikatuluka. Wilibala ndili nayo.