Mitengo Iwiri ya Bulugamu ku Namitete

Tidachoka ku Salima m'bandakucha, ndipo dzuwa lili paliwombo tidatsika pa Namitete, pa msewu wa ku Mchinji. Kuno fungo la usipa kulibe. N'zigafa za fodya ndi minda ya chimanga basi. Chapafupi pali chipatala cha St. Gabriel, chomwe masisitere a ku Luxembourg adayambitsa mu 1959.

Tidadzera m'bale wathu wina, mnyamata woyenda dzandidzandi. Pamsika amamunena kuti n'chidakwa, chonsecho mowa sadaulawepo. Matenda akewo madokotala amati ataxia: mbali ya ubongo ya kunkhongo, yomwe imawongolera kayendedwe, imafooka pang'onopang'ono. Ake ndi akumtundu. Malemu bambo ake adali nawonso.

Mankhwala ochiziratu kulibe, koma mafizo amathandiza. Kuseri kwa nyumba amalume ake adazika mphanda nagonekapo mitengo iwiri ya bulugamu yolekeza m'chiuno, monga adawalangizira a mafizo. M'mawa uliwonse, akaswali atakhala pampando, mnyamatayo amayenda pakati pa mitengoyo, chidendene kugunda chala, kenaka kukhala ndi kuimirira kakhumi. Mayi ake amaima pafupi, osamugwira.

Tidamuona akupepesuka, ife mtima phwii, tifune kumuwakha. Mayiwo adatiletsa ndi dzanja. Iye adagwira mtengo yekha, napitiriza.

Potiperekeza, mlongo wake wamng'ono adatifunsa motsitsa mawu ngati nayenso adzadwala. Tidamuuza kuti si ana onse amatengera. Adangoti chete mpaka minibasi idafika.