Digiri Yogula ndi Chilimira

Chaka chimene mwana wa mlongo wanga anasankhidwa kupita ku koleji, alamu anga anagulitsa chilimira chawo. Ndinalipo tsikulo pa doko lathu, kummwera kwa boma la Nkhotakota, kufupi ndi pamene madzi a Chia amakumanirana ndi nyanja. Mwera unali utavuta ndipo mabwato onse anali pamtunda. Wogulayo atatha kuwerenga ndalama, alamu anandiikira m'manja nati, "Aphunzitsi, inu ndinu amalume ake ndipo za sukulu mumazidziwa. Mwanayu akatitengere digiri." Kuchokera tsiku limenelo, munthu amene ankalemba anyamata ganyu anayamba kupalasa bwato la eni.

Mtsikanayo anapita kukaphunzira uphunzitsi wa sayansi pa koleji ina imene sinditchula dzina. Patatha zaka zitatu anabwera kudzayeserera kuphunzitsa pa sekondale ina kuno kwathu. Madzulo ena anandipeza pakhonde, nakhala pamkeka osalankhula kwa nthawi. Kenaka anati, "Amalume, mawa ndikuphunzitsa za maselo a zomera, koma maikolosikopu ndinangoiona pachithunzi. Ana akandifunsa ndiyankha chiyani?"

Anandifotokozera zambiri usiku umenewo. M'kalasi mwawo ankakhala mazanamazana, ochedwa namvetsera ali pazenera. Mapepala a mayeso akapita sankabwerera, kotero munthu ankangoona malikisi pakhoma osadziwa pamene analakwitsa. Mphunzitsi wina ankaphunzitsanso m'makoleji ena awiri, ndipo ankaoneka kukatsala masabata ochepa kuti mayeso ayambe, n'kusiya manotsi oti aliyense akajambulitse ndi ndalama zake. Labotale inalipo, koma kiyi wake ankasunga munthu amene sankapezeka. Pomvetsera ndinkangoona chilimira cha alamu chikukwezedwa m'bwato la munthu wina, ndipo ndinachita manyazi, poti ndine ndinawalimbitsa mtima.

Zimenezi zili ndi gwero lake. Yunivesite ya Malawi itatsegulidwa ku Chichiri mu 1965, ophunzira ake sankakwana 100. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana oposa miliyoni imodzi anawonjezekera m'sukulu chaka chomwecho. Anawo anakula, nafika pakhomo la koleji. Boma linatsegula Yunivesite ya Mzuzu mu 1999, Bunda inadzaima payokha n'kukhala LUANAR, MUST inayamba ku Thyolo mu 2014, ndipo mu 2021 Polytechnic inakhala MUBAS pamene makoleji a zaumoyo anapanga KUHeS. Mipingo ndi anthu ena anatsegulanso makoleji awo. Sindingadandaule nazo, chifukwa popanda kukula kumeneku mwana wa msodzi wa ku Chia sakanapeza malo. Koma malo ogona, mabuku ndi aphunzitsi sizinachuluke mofanana ndi ophunzira, ndipo mphika ukachuluka odya, woomola nsima ndiye amaoneka nzeru zake.

Anzanga opuma pantchito amakonda kunena kuti kale zinthu zinali bwino. Ine ndinaphunzira ku Chancellor College ku Zomba m'zaka za m'ma 1980, ndipo n'zoona kuti tinali ochepa, tinkadya katatu, ndipo mphunzitsi ankatidziwa mayina. Koma tinkaphunzira ndi mantha. Mu 1987 Jack Mapanje, amene anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi, anamangidwa n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Kuyambira pamenepo funso lililonse m'kalasi linkayamba layang'ana kukhomo. Mantha omwewo anabwereranso mu 2011, pamene mkulu wa apolisi Peter Mukhito anaitana Blessings Chinsinga kukamufunsa za chitsanzo chimene anapereka pophunzitsa. Aphunzitsi ananyanyala, ndipo maphunziro pa kolejiyo anaima kwa miyezi yambiri. Choncho mtsogoleri wa koleji ali ndi ntchito ziwiri: kuteteza mphunzitsi kuti alankhule mosaopa, ndiponso kuonetsetsa kuti mphunzitsi yemweyo walowadi m'kalasi. Wochita imodzi n'kusiya inzake walephera.

Chimene chinandipatsa chiyembekezo chinachitika m'chaka chomaliza cha mwana wa mlongo wanga. Dipatimenti yawo inalandira mkulu watsopano, mayi wachikulire amene anali ataphunzitsa pomwepo kwa zaka zambiri. Ndalama zatsopano sanabwere nazo. Sabata yoyamba anatenga kiyi wa labotale n'kugawa ophunzira m'magulu ang'onoang'ono, ena kulowa m'mawa, ena masana, ena Loweruka. Anapempha oimira kalasi kuti azilemba tsiku lililonse ngati phunziro lachitika, ndipo Lachisanu ankawerenga yekha kaundulayo. Analamula kuti pepala lililonse lizibwerera kwa mwini wake pasanathe masabata atatu, lili ndi ndemanga. Iye mwini anadzipatsa kalasi ya chaka choyamba, imene akuluakulu anzake ankaithawa n'kusiyira ongoyamba kumene ntchito. Ena anamuda, ndipo ndikumva kuti wina anasiya kumupatsa moni. Koma pa tchuthi chotsatira mtsikana uja anandijambulira papepala maselo a khungu la anyezi amene anaona ndi maso ake, akuseka ngati mwana.

Kuno kunyanja timadziwa ntchito ya siginala. Usiku wa mdima iye amakhala yekha m'kabwato kokhala ndi nyale, kuyang'ana m'madzi mpaka usipa utasonkhana, ndipo ndiye amauza anzake nthawi yoponya ukonde. Mwini chilimira akhoza kugula injini yatsopano ndi mafuta okwanira, koma siginala akawodzera onse amabwerera chimanjamanja. Nchifukwa chake asodzi sapereka nyale kwa munthu poti ndi mbale wa bwana. M'makoleji mwathu timayang'ana kwambiri amene ali pamwamba, ovala mikanjo pa tsiku lopereka madigiri, pamene maphunziro enieni amakhalira kapena kufera m'manja mwa mkulu wa dipatimenti. Bungwe la NCHE, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, limayendera makoleji ndi kuvomereza maphunziro awo, ndipo ntchito imeneyi ndi yofunika. Koma oyendera amabwera n'kupita. Amene angadziwe kuti Lachiwiri lapitali kalasi inakhala yopanda mphunzitsi ndi munthu amene ali pomwepo.

Ndikadapatsidwa mpata wolankhula kwa akuluakulu a makoleji, ndikadapempha zinthu zochepa. Posankha atsogoleri, funsani ngati munthuyo analowapo m'kalasi posachedwa. Pokweza aphunzitsi pantchito, kuphunzitsa bwino kuziwerengedwa monga mmene amawerengera zofufuza zosindikizidwa. Musatenge ophunzira ochuluka kuposa mipando ndi aphunzitsi amene muli nawo pongofuna fizi, chifukwa fizi imeneyo kwinaku ndi ukonde, ng'ombe kapena matumba a mpunga wa chaka chonse. Ndipo muzimva ophunzira asanayambe kutseka misewu, poti akafika pogenda amakhala atalankhula kale kangapo popanda wowamvera.

Mwana wa mlongo wanga anamaliza, ndipo tsopano akuphunzitsa pa sekondale yoyendera kumpoto kuno, njira ya ku Dwangwa. Sukulu yake ilibe labotale, koma teremu iliyonse amakabwereka maikolosikopu pa sukulu ina n'kuinyamula pa kabaza, ataikulunga m'chitenje. Mapepala a ana ake amabweza Lolemba lililonse. Ndikamufunsa kumene anaphunzira khalidwe limeneli amatchula mayi uja, amene anamuphunzitsa chaka chimodzi chokha mwa zaka zinayi.

Alamu sanagulebe chilimira china. Tsiku lina tikudya kondowole ndi usipa anandifunsa, "Aphunzitsi, kodi ndalama ija inagwira ntchito?" Ndinawayankha kuti inagwira, koma pang'onong'ono ikanapita m'madzi, ndipo anaipulumutsa ndi munthu mmodzi amene iwo sadzamuona. Anagwedeza mutu, nasamba m'manja, natsikira kudoko poti mwini bwato anali akuwadikira.