Dzuwa la ku Banket ndi Kayendedwe ka Dziko

Msewu wochoka ku Harare kupita ku Chinhoyi umadutsa ku Banket, dera la dothi lakatondo, minda ikuluikulu ya chimanga ndi nyumba zazitali zowambira fodya. M'makomboni a kumeneko Chichewa chimamvekabe, pakuti mumakhala zidzukulu za matchona amene anachoka ku Nyasaland kukagwira ntchito m'mafamu a Azungu. Mafamu ambiri anagawidwa kuyambira mu 2000, koma nkhawa ya mlimi ikadali yakale ija: kodi mvula ya mu Novembala idzafika?

Mvulayo imalondola dzuwa. Dziko lapansi nlopendekeka madigiri 23.4, ndipo kupendekekaku nkomwe kumalekanitsa dzinja ndi chilimwe. Nayo njira imene dzikoli limayenda pozungulira dzuwa si yobulungira ndendende. Kumayambiriro kwa Januwale, chimanga chikamakula ku Mashonaland, dziko limakhala pa mtunda wa makilomita 147 miliyoni kuchokera padzuwa, pomwe mu Julaye limatalikira kufika 152 miliyoni. Motero nthaka ya kumwera kuno imatenthedwa kwambiri m'dzinja, n'kumakoka mpweya wachinyontho wochokera kunyanja.

Sizinali choncho nthawi zonse. M'buku lake la mu 1941, Milutin Milanković wa ku Serbia anawerengetsa mmene kayendedwe ka dziko kamasinthira mphamvu ya dzuwa. Kupendekeka kuja kumachoka pa madigiri 22.1 kufika 24.5 n'kubwereranso, pa zaka 41,000. Njira ija imatambasuka ndi kubwereranso pa zaka pafupifupi 100,000. Nyengo yoyandikira dzuwa nayonso imasendera, n'kumaliza miyezi yonse pa zaka pafupifupi 21,000. Zaka 11,000 zapitazo dziko linkayandikira dzuwa m'miyezi yotentha ya kumpoto, ndipo ku Sahara kunali msipu, nyanja ndi mvuu.

Umboni wina uli kwawo kwa matchona. Matope amene akatswiri anakumba pansi pa Nyanja ya Malawi mu 2005 anasonyeza kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa, ndipo madzi a nyanjayi anatsika mamita mazanamazana.

Komabe amene amanena kuti kutentha kwa masiku ano nkwachibadwa ngati zimenezi akusokeretsa alimi. Kusintha kwa kayendedwe ka dziko sikuoneka pa moyo wa munthu mmodzi, ngakhale wa zidzukulu zake. Kutentha kumene kwakwera m'zaka zochepazi kwadza makamaka ndi utsi wa malasha ndi mafuta. Chilala cha mu 2024 chinadza ndi El Niño, chimanga chinapserera chisanabereke, ndipo mu Epulo chaka chomwecho boma la Zimbabwe linalengeza kuti dziko lili pangozi ya njala.