Ndege ya m'bokosi

Mwana wathu atapempha ndege youlutsa ndi rimoti, tinati nzosavuta. Ife amene tinakula tikuona alongo athu akupinda mawaya mpaka galimoto kutuluka, chidole chingatikanike?

Tinagula bokosi lotchipitsitsa m'sitolo ina kuno ku Leeds. Munali timatabwa ta balsa, mtengo wopepuka ngati phesi, koma todulidwa mwachisawawa: nthiti za phiko sizinafanane. Tinamata kwa masabata 5, tikaweruka ku wadi. Manja ozolowera kupeza mtsempha wa wodwala sanathandize, phiko linapotoka. Tsiku loulutsa, ndege inapendekera kumanzere n'kudzimenyetsa pansi. Mwanayo sanalire, koma madzulo sanadye.

Mkulu wina wa kukalabu ya ndege anatola zidutswazo n'kunena kuti sitinalakwe tokha. Bokosi labwino kwa oyamba kumene, monga SIG Kadet LT-40, limakhala ndi pulani yaikulu yomangirapo phiko pamalo athyathyathya, ndipo zidutswa zimalumikizana popanda kukakamiza. Anatinso tiziiyesa pa zala ziwiri pansi pa mapiko: ikalemera kumchira, isauluke.

Yachiwiri tikumangira pa chitseko chakale. Wogwira sandipepa ndi mwanayo.