Galimoto Zogona pansi pa Mango

Mkulu wina wa ku Likangala, mmisiri wokonza galimoto, ali ndi khalidwe limene anansi ake amaliseka. Akaona galimoto yotayidwa pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikiramo mazira, iye amaima n'kuyamba kuizungulira monga munthu wosankha ng'ombe pamsika.

Utoto wosupuka sumudetsa nkhawa, ngakhalenso galasi losweka. Amayamba wagona chagada kunsi kwake n'kugogoda chesesi ndi hamala. Chitsulo chikalira bwino, mtima wake umakhala m'malo. Chikayoyoka dzimbiri, amadzuka, n'kusasa fumbi, ulendo. Amadziwa kuti madzi a m'nyanja ya Chilwa ndi amchere, ndipo galimoto imene inkanyamula milamba yaiwisi kuchokera ku Kachulu imadyeka kuyambira kunsi. Kenaka amapukusa injini ndi sipanala kuti aone ngati sinagwirane. Funso lotsiriza ndi la zitsulo: kodi zikapezeka ku Zomba kapena ku Ndirande? N'chifukwa chake amakonda Datsun, Toyota Hilux ndi Peugeot 404, zimene zinachuluka m'dziko muno, osati galimoto yachilendo, ngakhale ikongole chotani.

Nyanja itaphwa mu 1995, ndiponso mu 2018, ena mwa onyamula nsomba anaimika galimoto zawo osazidzutsanso. Zoterozo ndizo amasaka mkuluyu, ndipo amagula ndi ndalama za mpunga wa chaka chonse. Ikamukanika, ana ake amabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Ikadzuka, imasenza matumba a mpunga kudzera pa Jali mpaka ku Zomba, anansi oseka aja atakhala pamwamba pa matumbawo.