Mageti otseka ku Zingwangwa

Pamene ndinkakula ku Zingwangwa, nyumba sinkagona yopanda munthu. Banja likasamuka m'mawa, pofika madzulo ena ayala kale mphasa. Eni malo ankakhala kutsogolo, ife a lendi kumbuyo m'nyumba zamdadada, mpopi umodzi, chimbudzi chimodzi. Lendi ikachedwa, amayi ankapita kukagwada pakhonde: "Bambo, atilandiritsa Lachisanu." Nkhani inkathera pomwepo. Amwayi ankapeza nyumba ya Malawi Housing Corporation, bungwe lomwe linayamba mu 1964, ku Chitawira, Nkolokosa kapena Kanjedza, n'kukalambira momwemo.

Eni malo aja anatsikira kulichete, ana n'kugulitsa malo, n'kugawana ndalama. Wogula amagwetsa mdadada momwe munkakhala mabanja angapo, n'kumanga nyumba imodzi ya matailosi, mpanda wa njerwa ndi geti lachitsulo. Akatero amafuna wolipira miyezi itatu pakamodzi, kudzera kwa ejenti amene naye amafuna yake yongokuonetsa pakhomo. Munthu wotere akasowa, mwini wake sadandaula. Amatseka, n'kusiya mlonda akuwotha moto pageti mpaka chaka kutha. Ochenjera amadula zipinda n'kuikamo mabedi osanjikiza a ophunzira a ku mayunivesite a MUBAS ndi KUHeS, poti mutu uliwonse umalipira pawokha. Bambo wa ana anayi angapikisane nawo bwanji?

Ku Machinjiri ndi ku Bangwe kuli mtundu wina: nyumba zolekera m'mazenera, zopanda denga, eni ake ali ku Joni. Ankatumiza ndalama pang'onopang'ono, koma simenti ndi malata zinawathawa, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pabalaza pamene ankati padzakhala sofa, wachibale wadzalapo chimanga ndi maungu.

Mdadada sindiusirira ayi. Amene anaimapo pamzere wa kuchimbudzi m'mamawa mwezi wa Juni akudziwa chimene ndikunena, ndipo nyumba zatsopanozi n'zokongola ndithu. Chimene chimandivuta n'chakuti mabanja a m'mdadada aja sanabwerere kumudzi. Anakwera phiri. La Ndirande, lomwe ndinaliona lili bii ndi mitengo ya paini, linametedwa m'zaka za m'ma 1990, ndipo kuchokera pamenepo nyumba zakhala zikukwawira kumtunda. Ku Soche n'chimodzimodzi. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula masiku angapo osalekeza, matope ndi miyala zinatsika phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, anthu ali momwemo.

Khonsolo ya mzinda wa Blantyre imati m'mapiri simoyenera kumangamo, ndipo ikunena zoona. Koma mayi wogulitsa mandasi amene wachotsedwa ku Zingwangwa sangakakhale ku Chileka kapena ku Mpemba n'kumalipira minibasi kawiri patsiku. Amafuna poti azitsika wapansi kupita ku Limbe kapena m'tauni, ndipo malo otere amene thumba lake lingakwanitse atsala kumtunda kokha.